Magazi oyezedwa asamafike mu labotale atasintha kale

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yoyeza shuga ndi mafuta a m'magazi, yomwe masiku ano ikukhudza anthu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Tikamakamba zoyeza, maso athu amathamangira ku makina a mu labotale, koma zimene zimachitikira magazi kuchokera pamene atengedwa pamkono mpaka pamene alowa m'makinawo sitizilabadira kwenikweni.

Magazi akalowa m'kabotolo amakhala akadali amoyo. Maselo ake amapitiriza kudya shuga, moti kabotolo kakangokhala patebulo, shuga amatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse pa ola limodzi, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala amatsika msanga koposa. Munthu amene shuga wake anali 7.5 mmol/L asanadye kanthu, magazi ake akadikira njinga yamoto kwa maola atatu ku Muloza kapena ku Thekerani, labotale ingapeze pafupifupi 6.2, chonsecho mlingo wotsimikizira matenda a shuga ndi 7.0. Munthuyo abwerera kwawo atauzidwa kuti matendawa alibe, makina asanalakwitse kalikonse. Kabotolo ka chivindikiro chotuwa, kamene mumakhala fluoride, mankhwala oletsa maselo kudya shuga, kamathandiza, ngakhale mankhwalawa amatenga ola limodzi kapena awiri kuti agwire bwino ntchito.

Wina anganene kuti mankhwala a vutoli n'kuponya zonse mu fuliji, koma kuzizira nako kuli ndi malamulo ake. Magazi amene madzi ake sanapatulidwe ku maselo akakhalitsa mu fuliji, mchere wa potassium umatuluka m'maselo n'kukwera m'madzi a magaziwo, ndipo akaundana maselo ofiira amaphulika, zonse n'kusakanikirana. Choyamba ndi kuwapukusa pa centrifuge, makina ozungulitsa timabotolo mwaliwiro, kuti madziwo apatuke ku maselo, makamaka pasanathe maola awiri, kuziziritsa kubwere pambuyo.

Nkhani ya mafuta ndiyo yovutirapo. Kolesterolo wamba, mafuta a m'magazi amene madokotala amapempha kuti ayezedwe, amapirira masiku angapo pa madigiri 2 mpaka 8. Koma ofufuza, monga a ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ndi ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, akafuna kuona mitundu yambirimbiri ya mafuta ndi tizinthu tina timene thupi limapanga pogaya chakudya, amafunika chisamaliro chachikulu, chifukwa ma enzyme, omwe ndi mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi, amapitiriza kudula mafuta ngakhale maselo atachotsedwa, ndipo mafuta a mtundu wa omega-3 amawonongeka ndi mpweya monga momwe usipa wouma umayambira kununkha ukakhalitsa m'thumba. Firiza ya -20°C imachedwetsa zimenezi koma siiziletsa. Zosungidwa kwa zaka zimafuna -80°C, kapena nayitrojeni wamadzi wa -196°C, ndipo paulendo zimayenda mu dry ice, mpweya wa carbon dioxide woundana, wa pafupifupi -78°C. Kusungunula ndi kuundanitsanso mobwerezabwereza kumawononga kwambiri, n'chifukwa chake odziwa ntchito amagawa madzi a magazi a munthu mmodzi m'timabotolo tingapo kuti kalikonse katsegulidwe kamodzi kokha.

Apa ndi pamene magetsi athu amalowererapo. Tonse tikukumbukira kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, komanso misewu imene inaduka ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti firiza ikazima usiku n'kuyakanso mbandakucha, m'mawa timabotolo timaoneka toundana bwinobwino, ndipo palibe angadziwe ndi maso kuti tinasungunukapo.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi kwa onse opereka ndalama za kafukufuku ndi lakuti pa fomu iliyonse pazilembedwa nthawi imene magazi atengedwa ndi imene apatulidwa, ndipo mu bokosi lonyamulira ndi mu firiza muzikhala kachipangizo kolemba kutentha usana ndi usiku. Zipatala zazing'ono zokhala ndi magetsi a dzuwa zipatsidwe centrifuge yaing'ono, yomwe mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi makina oyezera. Ogwira ntchito mu labotale nawo aziloledwa kubweza magazi amene achedwa panjira popanda kudzudzulidwa, ngakhale zitanthauze kuti wodwala abayidwenso.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje