Oteteza zinsinsi m'makampani azikumana

Akonzi,

M'makompyuta a maesiteti a tiyi ndi ma SACCO kuno ku Thyolo ndi Mulanje muli mayina a antchito, manambala a zitupa za unzika, a foni, ngakhale malipiro. Lamulo loteteza data la 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, likufuna zisungidwe mosamala, koma akuluakulu oyang'anira zimenezi aliyense ali payekha.

Bwanji azikumana pa Luchenza miyezi itatu iliyonse n'kumaphunzitsana? Ayambire pa vuto la pasiwedi imodzi yomwe makalaliki anayi amagwiritsa ntchito: fayilo ikatuluka, wotulutsa sadziwika. Wina amasiya ntchito akaunti yake ili chitsegukire, pomwe imayenera kutsekedwa tsiku lomwelo. Nanga mndandanda wa malipiro woyenda pa WhatsApp? Foni ikabedwa mumsika, wakubayo watenga zonse.

Wowerenga wanu,
Luchenza, Thyolo