Kalata yothokoza lesitilanti ya pa munda wa mphesa ku Franschhoek

Wolemekezeka Bwana Manijala,

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Mayi anga anandilamula kuti ndiwawerengere ndisanaitumize, ndipo Chingerezi iwo amangochimvera patali. Musavutike nazo, kukhitchini kwanu kuli anyamata awiri a kwathu ku Malawi, muwapemphe akumasulireni.

Tinabwera kwanu Loweruka lina m'mwezi wa February tili anthu asanu: ine, amuna anga, achimwene anga, alamu anga, ndi mayi amene tsikulo ankakwanitsa zaka 70. Anali atangofika kumene kuchokera ku Thyolo, ulendo wawo woyamba kutuluka m'dziko. Anayenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mpaka miyendo kutupa. Ana awo tinasonkherana kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti nawonso akhaleko pamalo abwino ndi kuperekeredwa chakudya, popeza moyo wawo wonse akhala akuperekera ena.

Ndisakubisireni, ndinabwera nditakonzekera ndewu. Ndakhala ku Cape Town zaka 11, ndipo malo okongola ngati anuwa andiphunzitsa kuyenda mtima uli m'mwamba. Chaka china ndinaimba foni kumalo ena odyera, osati kutali ndi inu, kupempha tebulo la anthu awiri. Atangomva kalankhulidwe kanga anati kwadzaza mwezi wonse. Abwana a amuna anga anaimba nambala yomweyo mphindi zisanu zisanathe, tebulo linapezeka, la pawindo. Kwina anatilandira ndithu, koma anakatikhazika pafupi ndi chitseko cha chimbudzi, tinakhala pamenepo ngati zitsa anthu obwera pambuyo pathu akudya mpaka kulipira. Ndikupita kukasamba m'manja, mayi wina wodzadya ngati ine anandikodola n'kundituma madzi. Ndinali nditavala diresi langa labwino kuposa onse.

Ngakhale usiku wa Lachisanu lomwelo, ku Stellenbosch kumene tinagona, zinali zomwezo. Masana mayi anasangalala kuyenda mu Dorp Street pansi pa mitengo ikuluikulu ya oak, akudabwa kuti tauniyo ilipo kuyambira 1679 koma nyumba zake zikadali zoyera mbee. Madzulo kunyumba ya alendo anafuna mapasipoti athu onse, anawatembenuza tsamba ndi tsamba ngati tili pachipata cha dziko, kenako anati tilipire zonse tisanaone n'chipinda chomwe. Kumene tinakadya, woperekera zakudya anayang'ana chitenje ndi duku la mayi ndi diso la nkhwezule, n'kuyamba kutiwerengera mitengo mokweza tisanamufunse. Mayi sanamve mawu ake koma nkhope anaimva. Pobwerera anangoti, "Mwananga, bwenzi titangophika nsima kunyumba." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye tafika pakhomo panu m'mawa, titadutsa msewu wa m'mapiri wa Helshoogte, dzina langa palibe m'buku. Cholakwa chinali changa: posungitsa malo pa intaneti ndinadina March m'malo mwa February. Ndinamva thukuta kumsana. Mumtima ndinati basi, lero ndawapatsa ndekha chifukwa chotibwezera.

Mtsikana amene anali polandirira alendo, wamfupi, wometa tsitsi, wovala ndolo zing'onozing'ono zofiira, sanayambe ndi ine. Anatuluka kuseri kwa tebulo lake, anapita kwa mayi, anawagwira dzanja ndi manja ake awiri, bondo litapindika pang'ono, n'kunena kuti, "Molo, Mama." Anaona kuti mayi akutsamira mwendo umodzi, anawakokera mpando pamthunzi ndi kuwabweretsera madzi ozizira. Atatero m'pamene anabwerera kwa ine. Anadinadina pa kompyuta, anaimba foni kamodzi, analowa mkati n'kutulukanso akumwetulira, nkhani yatha. Sanandichititse manyazi, ngakhale kuusa moyo kuja kumene ena amachita kuti udziwe kuti wawavutitsa. Ndinatsala ndili kakasi, mawu onse amene ndinawanolera ndewu atasowa kolowera.

Koma chimene chandilembetsa kalata si tebulo ayi. Mayi ndi a Mvano, mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo ine ndinkada nkhawa kuti pa nthawi yolawa vinyo adzangokhala pambali ngati wodikira basi. Mtsikana uja atamva zimenezi anasowa kwa kanthawi, n'kubwera ndi madzi a mphesa osasasa a mitundu iwiri, oyera ndi ofiira. Anawaikira mayi magalasi a mwendo wautali ofanana ndi athu, osati tambula ya mwana. Akamatithirira ife vinyo woyera wa Chenin blanc, iwo ankawathirira oyera aja. Akafika pa wofiira, iwonso ofiira. Anawaonetsa kagwiridwe ka galasi pamwendo, kalizungulizidwe kake, ndi kununkhiza asanamwe, ndipo nthawi zonse ankayamba kufunsa iwo kuti akumva fungo lanji. Ine ndinkamasulira. Mayi ananunkhiza mwaulemu wonse n'kuweruza kuti oyerawo akununkha ngati mapichesi a ku Dedza. Mtsikanayo sanaseke, anagwedeza mutu ngati wamva mawu a katswiri.

Atatithirira vinyo wofiira wa Pinotage anafotokoza kuti mtundu umenewu unabadwira konkuno: mu 1925 pulofesa wa ku yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mphesa za Pinot noir ndi za Cinsaut. Mayi anati zimenezo sizachilendo, ndi mmene achitira ndi chimanga cha haibulidi, ndipo anafunsa ngati mbewu yake imagulidwanso chaka ndi chaka. Chimene chinawakhumudwitsa ndi kandowa kolavuliramo. Ataona mzungu wa tebulo loyandikana nalo akulavula vinyo amene walipira ndi ndalama zake, anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Kodi akudwala?" Achimwene anga, kunena zoona, kandowako sanakavutitse n'kamodzi komwe.

Inali nyengo yokolola. Mathirakitala ankadutsa ndi mabokosi odzaza mphesa, ndipo maso a mayi sanachoke kwa anthu amene ankathyola m'mizere kutsidya, dzuwa lili pamutu. Anati mizereyo ndi phiri kumbuyo kwake zikuwakumbutsa kwathu. Iwo anathyola tiyi pa esiteti zaka zoposa makumi awiri, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, ndipo ndi dengu limenelo linatiphunzitsa sukulu. Anandiuza kuti ndifunse ngati othyolawo amalipidwa pa tsiku kapena pa kulemera kwa zimene athyola. Ndinazengereza, poganiza kuti si funso la pamalo ngati amenewa. Mtsikana uja anayankha mosabisa, n'kuwonjeza kuti mayi ake omubereka akhala akuthyola mphesa m'chigwa chomwecho kuyambira iye ali kumsana. Pamenepo anatenga dzanja la mayi, analitembenuza, anasisita zala zawo zokhakhala zija n'kunena kuti n'chimodzimodzi za amake. Anatsika yekha kumunda, anadula phava limodzi n'kulibweretsa pa mbale. Mphesa za vinyo ndi zazing'ono, za khungu lolimba ndi nthanga zambiri, koma kutsekemera kwake kuposa za m'sitolo. Mayi anadya imodziimodzi osalankhula. Ine ndinanamizira kuti ndikufuna kanthu m'chikwama, kuti asaone misozi.

Za chakudya ndisataye nthawi, ophika anu amaidziwa ntchito. Nsomba ija mayi anaiyamikira, ngakhale anati chambo chikadali patsogolo, ndipo pamenepo musawatsutse. Bilu inabwera pamapeto monga imabwerera kwa wina aliyense, popanda wotiimirira kumsana. Kenako kunatulukira kakeke kokhala ndi kandulo imodzi, kamene sitinaitanitse ndipo pa bilupo sikanalembedwe. Kumbuyo kwake kunali anyamata awiri aja, amene mtsikanayo anakawatenga kukhitchini atamva kuti ndife a ku Malawi. Anavula zipewa, ananjuta, wina n'kuti, "Mwaswera bwanji, agogo? Tamva kuti lero ndi tsiku lanu." Wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhata Bay. Mayi anawafunsa za makolo awo ndi ngati amatumiza kangachepe kumudzi, ngati kuti ndi adzukulu awo enieni. Ndikupempha kuti mphindi zimene anachoka pamoto zija musawawerengere.

Potsanzikana, mtsikana uja anatijambulira njira kuseri kwa lisiti, malo awiri oti tikaone Lamulungu tisanabwerere. Koyamba kunali ku chipilala cha Huguenot Monument, kumapeto kwa msewu waukulu wa tauni. Nditawawerengera mayi kuti amene anatchukitsa chigwachi ndi Afalansa amene anayamba kufika mu 1688 pothawa kuzunzidwa chifukwa cha chipembedzo, ndipo n'chifukwa chake malowa amatchedwa ngodya ya Afalansa pamene kale ankadziwika ndi njovu, anakhala chete pang'ono n'kuti, "Ooh, kani nawonso anali obwera?" Ndikanakonda mayi wa mapasipoti uja akanakhala pafupi. Kwachiwiri kunali pachipata cha ndende ya Drakenstein, panjira ya ku Paarl, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 February 1990. Mayi anajambulitsa pansi pa chiboliboli chake chibakera chili m'mwamba, duku lili pendeke, ndipo chithunzicho chazungulira kale Mvano yonse ya kwathu pa WhatsApp.

Dzina la mtsikanayo sindilemba pano, mukumudziwa. Pempho langa ndi lakuti kuthokoza kwanu kusathere pakamwa. Pamene mukuona za malipiro ndi maudindo mumukumbukire, ndipo ngati anzanu a malo oyandikana nanu atafuna wowaphunzitsira antchito awo kulandira alendo, musamubwereketse ulere. Mayi abwerera kumudzi sabata yamawa. Asiya paketi ya tiyi wa ku Thyolo ndi chitenje chimodzi, akuti tiyiyo ndi wa mtsikanayo, chitenjecho n'cha amake. Achimwene anga adzazitula pakhomo panu Loweruka likubwerali, chonde mudzawauze a pachipata kuti asadzawabweze.

Ine wanu,
Mwana wa mayi a duku lobiriwira aja,
Cape Town