Kalata yochokera ku Langebaan: si kashembe, Amayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine kuno ndili gwa, kungoti mphepo ya kunyanja ikutiwomba tsiku lonse. Ndalama ya feteleza ndatumiza pa Mukuru, amalume akatenge msanga mitengo isanakwere.

Ndamva kuti chithunzi chija cha ntchentche cha pa WhatsApp chakusowetsani tulo, ati ndikugwira ntchito pakati pa akashembe. Mtima m'malo, Amayi. Kashembe wathu wa ku Nkhotakota akatera amasanjikiza mapiko, kamlomo kake n'kakafupi, ndipo amasaka magazi. M'dziko lino la South Africa amapezeka kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kutali zedi ndi kuno.

Iyi ndi ntchentche ya konkuno, siluma munthu kapena ng'ombe. Abwana akuti m'mabuku amaitcha Moegistorhynchus longirostris. Musavutike nalo dzinalo, nanenso ndachita kukopera. Thupi lake n'lofanana ndi la njuchi kukula kwake, koma mapiko ndi awiri okha pamene njuchi ili ndi anayi, ndipo kunsonga kwa mapikowo kuli timizere tolukanalukana. Chodabwitsa ndi mlomo. Ina umafika masentimita 10, kutalika kasanu kuposa thupi! Singathe kuukulunga, ndiye ikamauluka mlomowo umangolendewera pakati pa miyendo n'kutsalira kumbuyo. Ikafika pa duwa imaima m'malere, kuudzutsa, n'kuyamba kulunjika kabowo. Nthawi zina imaphonya, ife n'kumafa nacho chiseko.

Kwawo ndi m'mchenga wa m'mbali mwa nyanja ya kuzambwe, kuyambira Cape Town kukwera cha kuno ku Langebaan ndi Saldanha, ndipo imaoneka nyengo ino ya Okutobala ndi Novembala. Kuli maluwa ena otuwira, a timadontho tofiira, omwe timadzi tawo tili pansi pa kampopi kakatali moti njuchi sizifikapo. Amenewo amadalira ntchentcheyi kuti abereke njere.

N'chifukwa chake ntchito yathu masiku ano ndi kudula mitengo ya Port Jackson. Inachokera ku Australia, ndipo ikamera imaphimba tchire lonse, maluwa aja osaonanso dzuwa. Manja achita matuza, koma mitengoyi sindiimvera chisoni.

Muuzeni mng'ono wanga akaonetse chithunzicho kwa aphunzitsi ake a sayansi, andiyankhe zomwe anene. Nsapato zake ndipatsira mnzanga amene akubwera pa Khirisimasi.

Moni kwa agogo ndi azakhali.

Ndine mwana wanu.