Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri

Makolo ndi nonse olera ana athu, ndakupatsani moni. Teremu ija yatha, kuzizira kwa Juni ndi Julayi tapirira nako ngakhale ana ena amabwera opanda juzi. Malipoti tawapatsira anawo, tsiku lotsegulira lalembedwa mmunsimo, ndipo a Grade 7 asamangozungulira pa Mbare Musika holide ino, mayeso a ZIMSEC ayandikira.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi china. Mwezi wathawu mu gulupu yathu ya WhatsApp munalowa chithunzi cha mtsikana wathu wina ali pa bala, botolo la mowa mmanja, yunifolomu ya sukulu ino ili mthupi. Pofika madzulo chinali chitafika kwa azakhali ake ku Mufakose, mmawa mwake agogo ake ku Dedza anaimba foni akulira. Chithunzicho chinali chabodza. Chenichenicho tinachipeza, chinajambulidwa tsiku la masewero pa glaundi pathu pompano ndipo mwanayo ananyamula botolo la madzi, wina anangochisintha ndi ka app ka pafoni basi. Sabata ziwiri sanabwere ku sukulu, ndinachita kupita ndekha kwawo ndipo amalephera ndi kundiyang'ana komwe, mpaka lero mtima ukundiwawa chifukwa amene anachimwaza si ana ayi, ndi ife akuluakulu, ena mpaka kulemba pansi pake kuti "ana a masiku ano". Mwana wa mnzako ngwako yemwe, si paja timatero?

Sindikuti ndinu oipa mtima, zinthuzi zikupusitsa aliyense. Mu 2023 anthu ambirimbiri padziko anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinapangidwa pa kompyuta ndi pulogalamu ya Midjourney. Kale timaona zala zopindika kapena zilembo zosawerengeka nkudziwa kuti apa pali chinyengo, pano zizindikirozo zikuchepa ndiye maso okha sakukwanira. Funsani amene wakutumizirani kuti wajambula ndani, liti, kuti. Akati nanenso andingotumizira, chithere pa foni yanu pomwepo. Mukaona mawu aja oti "Forwarded many times" dziwani kuti chadutsa mmanja ambiri ndipo mwini wake sakudziwika. Amene muli ndi data chiikeni pa Google Lens, app yofufuzira zithunzi, nthawi zina imaonetsa malo ena a pa intaneti komwe chinatulukapo kale, ana anu akuonetsani kachitidwe kake, amadziwa kuposa ife. Nkhani za dziko mutha kuona ngati a ZimFact, bungwe lofufuza ngati nkhani ndi zoona muno mu Zimbabwe, anazifufuza kale. Komanso lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 lilipo, kufalitsa bodza dala kuti muvulaze munthu ndi mlandu.

Meseji ina ikuyenda yoti fizi yakwera mutumize ku nambala yakutiyakuti, musatumize, fizi timalipira ku akaunti ya sukulu yokha ndipo za kukwera mudzamva pa msonkhano wa SDC, komiti ya chitukuko cha sukulu, osati pa foni. Mukakayika bwerani ku ofesi, sabata yoyamba ya holide ndikhalapo mmawa uliwonse.

Amene chithunzi chija chikadali mu foni mwanu chonde chifufuteni lero, ndipo ngati munachitumiza kwa wina muuzeni kuti chinali chabodza. Mwanayo akubweranso teremu ya mawa, mayi ake andilonjeza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu