Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Tsiku lija mayunitsi anandithera tisanamalize nkhani, ndiye ndati ndilembe.

Za amalume ako usade nkhawa, ma ARV akulandirabe. Chikundisowetsa tulo ine ndi ana athu omwe alibe kachilombo ka HIV. Boma la America litaimitsa thandizo mu Januwale 2025, bungwe lomwe ndinkathandizako mongodzipereka lija linatseka. Galimoto yomwe inkabwera tsiku la msika kudzayeza magazi ndi kugawa makondomu sitinaionenso. Atsikana omwe tinkawaperekeza kukatenga PrEP, mankhwala otetezera munthu asanatenge kachilombo aja, angapo anangosiya. Wina anandiuza maso ali pansi kuti sangakaime pamzere umodzi ndi azakhali ake. Ndinasowa chomuyankha.

Ukukumbukira tili ku sekondale, maliro sabata ndi sabata, akalipentala atasiya mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi? Tinachokatu kutali. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndi ndalama za thumba la padziko lonse lothandiza pa Edzi, TB ndi malungo lotchedwa Global Fund. Mu 2011 Malawi ndiye anayamba, maiko ena onse asanatero, kupatsa mayi aliyense woyembekezera yemwe ali ndi kachilombo mankhwala a moyo wake wonse, ndipo ana ambirimbiri anabadwa opanda kachilombo. Nzeruzo zinali zathu. Koma thumba linali la eni, pakuti pa K100 iliyonse yolimbana ndi Edzi, yoposa K90 inkachokera kunja. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Ife timangoimva pa wailesi. Ndipo ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa ndi kupewa, chifukwa mtsikana yemwe sanadwale salira pakhomo la nduna. Koma akatenga kachilombo lero, boma lomwelo lidzamugulira mankhwala mpaka ukalamba wake.

Ndamva za jakisoni wa lenacapavir, woteteza munthu kuti asatenge kachilombo, wobaya kawiri kokha pachaka. Kumeneko wafika m'zipatala za boma? Undifunsireko.

Mwana wanga wamkazi akupita ku koleji ku Zomba mwezi wa mawa. Ndatsimikiza mtima, ndimuperekeza ndekha kuchipatala tikafunse za PrEP, anthu anene zonena zawo. Undipempherere, sindinapezebe poyambira kukamba naye.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa kalekale.