Zikomo a Zankhalango ku Zomba potiperekezera agogo athu

Kwa Bwana Woyang'anira Ofesi ya Zankhalango,
Zomba.

Bwana,

Tsopano poti tasesa ndipo abale abalalika, banja landituma kuti ndikuthokozeni pa zomwe munatichitira pa maliro a agogo athu aamuna, amene anagwira ntchito m'nkhalango ya paphiri la Zomba mpaka kupuma mu 1993.

Uthenga tinakutumizirani mwaulemu chabe. Munthu amene anasiya ntchito zaka zoposa 30 zapitazo, anzake onse anatsogola kale, ndani angamukumbukire mu ofesi? Koma dzuwa lisanalowe lole yanu inaima pakhomo pathu ku Naisi itadzaza nkhuni, ndipo amayi amvano anaphika masiku atatu osadandaula za moto. Mawa lake antchito anu anasonkherana chipepeso n'kugulira matabwa a bokosi kwa ocheka a kuphiri komweko. Kalipentala akupala matabwawo, fungo la utomoni wa paini linadzaza bwalo lonse. Agogo aakazi, amene chigonereni mwamuna wawo anali asanalankhule ndi munthu, anatukula mutu n'kunena kuti malaya a malemu ankanunkhira choncho madzulo aliwonse. Tonse tinalira pamenepo.

Chaka chobadwa sankachidziwa. Ankangoti pa njala ya 1949 anali kale mnyamata wotha kusenza thumba la chinangwa, choncho tikawerengera anapitirira zaka 90. Ntchito analowa dziko lino likadali Nyasaland, likulu la boma lili konkuno ku Zomba, malipiro akulandira mashereni chifukwa kwacha inabwera mu 1971. Ankadzuka tambala woyamba, kukulunga mkute m'kansalu, n'kuyamba chitunda wapansi, chifunga chili bii. Anayambira kunazale kuthirira mbande. Mvula ya Disembala ikagwa ankawokera, mitengo ikakula ankaidulira nthambi ndi kuipatulira, ndipo kenako anadzakhala kapitawo. Nkhani imene sankatopa kuifotokoza ndi ya 1965, pamene mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inakwera phirilo. Iwo anali m'gulu lolambula msewu wopita pamalo amene lero timati Emperor's View, ndipo mfumuyo anangoionera patali, koma ankainena ngati anadya nayo mbale imodzi.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi moto wolusa. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba sankagona tulo tabwino. Utsi ukangooneka kuphiri, kaya ndi Lamulungu kaya nsima ili pamphasa, ankatola chikwanje n'kunyamuka, n'kudzabwera mbandakucha nsidze zitawauka, jombo zitang'ambika. Ine ndili mwana ndinkaona ngati mitengo amaikonda kuposa ife. Ndinadzamvetsa nditakula, atanditengera ku damu la Mulunguzi n'kundionetsa kuti madzi a m'mipopi ya m'tauni muno amachokera m'nkhalango imeneyi, ndipo phiri likayera mitsinje imaphwa.

Kunyumba analinso yemweyo. Makolo athu atamwalira motsatizana, anatitenga ana anayi n'kutilera ndi kapenshoni kawo ndi dimba la nthochi ndi mbatata. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994 sanalole n'mmodzi yemwe kujomba, ndipo fizi ya kusekondale inachokera m'dimba lomwelo. Pa njala ya 2002 ankasamba m'manja pomaliza, n'kutema mbamu ziwiri zokha, n'kunena kuti akhuta. Tinkadziwa kuti sanakhute.

N'chifukwa chake zimene anachita bambo amene munawatuma kudzalankhula kumanda sitidzaziiwala. Sanabwere ndi mawu ongoloweza. Anali atafufuza m'mabuku akale a ofesi n'kupeza tsiku limene agogo analembedwa ntchito ndiponso zigawo za nkhalango zimene ankayang'anira, n'kuziwerenga chimodzichimodzi pamaso pa mfumu ndi khamu lonse. Zina mwa izo ngakhale ife adzukulu awo sitinkazidziwa. Kenako bambo wina wa imvi, mlonda wanu, anaimirira n'kunena kuti kugwira mbande osathyola mizu anaphunzitsidwa ndi malemuwa ali mnyamata. Zidzukulutudzi zawo zimene zinkangowadziwa ngati nkhalamba yokhala pakhonde ndi ndodo zinamva tsiku limenelo kuti anali munthu wotani.

Mbande 20 zimene munatisiyira tazidzala kumalire a munda wawo, ndipo mng'ono wanga akuzithirira m'mawa uliwonse. Mutithokozere dalaivala wa lole, amene anakana kubwerera mpaka titaika, komanso onse amene anasonkha. Chaka chamawa tikakolola tidzamanga chiliza, ndipo agogo aakazi apempha kuti mlonda uja adzakhalepo. Tsiku tidzakudziwitsani nthawi ikadalipo.

Ine wanu,
Mdzukulu wawo wamkulu,
m'malo mwa banja lonse, Naisi, Zomba.