Kwa amayi, za ndalama ya feteleza ndi pepala la asailamu

Amayi,

Kuno ku Joni ndili bwino, ndikhulupirira inunso ndi ana muli bwino. Malipiro ndalandira Lachisanu, koma sinditumiza kanthu mpaka mundiyankhe.

R3,000 ija ya pa Mukuru inali ya feteleza ndi fizi ya ana. Tsopano ndikumva kuti mng'ono wanga watapapo theka n'kupatsa munthu woti amukonzere pepala la asailamu, lija la anthu othawa kwawo, asananyamuke. Ndi zoona? Mumuitane, mumuwerengere kalatayi achimwene ali pomwepo.

Pepala limenelo siligulidwa, ndi laulere, ndipo silikonzedwa ku Malawi. Munthu amanena pa Beitbridge pomwe, pamalire olowera ku Joni, kuti wathawa kwawo, amapatsidwa masiku 5 oti akaonekere ku ofesi ya othawa kwawo, monga ya ku Pretoria. Kumeneko amamudinda zala, kumufunsa chimene wathawa, n'kumupatsa pepala lotchedwa Section 22 lodikirira chigamulo. Akangoti "kwathu kuli njala, ntchito kulibe", mlandu wagwa, chifukwa lamulo lawo la 1998 limateteza wozunzidwa pa ndale, chipembedzo kapena mtundu, ndi wothawa nkhondo. Pepala logula lija nambala yake mu kompyuta mulibe. Apolisi akalipima, ulendo wa ku Lindela, kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo. Ngakhale lenilenilo, akangobwera kumudzi kudzakhuza maliro, amati wabwerera kumene ankati akuopa, latha.

Mbuzi yoyera ija musagulitse, ndaletsa.

Othawa enieni inu mukuwadziwa, amayi. A Orton ndi mayi Vera Chirwa anathawira ku Tanzania nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, akumenyera ufulu ali kunja, mpaka kugwidwa mu 1981. A Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992. Mayi Vera atatuluka mu 1993 anayambitsa bungwe la Malawi CARER, kuthandiza osauka pa milandu. A Mkwapatira Mhango anawotcheredwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989. Pepalali ndi la anthu otere, ndi anzathu a ku Congo ndi Burundi amene adzaza ku Dzaleka. Nanga mng'ono wangayo wathawa ndani?

Ngati akufunadi kubwera, apangitse pasipoti. Amadinda masiku 30. Akapitiriza ndi masiku oposa 30, amaletsedwa kulowa zaka 5.

Ndalamayo akaitenge sabata ino. Malisiti a feteleza muwajambule, mutumize pa WhatsApp. Mvula yayandikira, ndikulakalaka nditaona mizere ya kuseri kwa nyumba ija. Mundiuze ngati mwamaliza kugalauza.

Ndine mwana wanu woyamba.